Kampata ka pa Liva ya Kilatchi ndi Zitunda za Usisya

Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa akabaza a njinga zamoto ndi anthu okhala m'dera la Usisya



Aliyense wobadwira ku Usisya amadziwa kuti kutuluka muno n'kukwera phiri. Sitima ya Ilala siima pagombe tsiku lililonse, ndipo wodwala amene achipatala amutumiza ku Mzuzu sangadikire sitima. Chotsala ndi msewu wodzera ku Bula, wa zitunda ndi makona, umene dzinja likafika umasanduka matope. Pa msewu umenewu njinga yamoto ndiyo imasenza usipa, matumba a ufa wa chinangwa, ana a sukulu ndi odwala omwe. Nkhani ya lero ikukhudza kanthu kakang'ono pa njingayo, kampata kamene kamakhala pa liva ya kilatchi, kudzanja lamanzere.

Woyendetsa akayamba kufinya liva, poyambirira imayenda yopepuka, kenako imalimba. Kuyenda kopepukako ndiko kampata kamene kakunenedwa pano. Mabuku a njinga zambiri zazing'ono amati kakhale mamilimita 10 mpaka 20 poyeza kunsonga kwa liva, pafupifupi kunenepa kwa chala chimodzi. Kampatako ndi umboni woti kebulo siikukoka kilatchi pamene dzanja lasiya, ndipo mapuleti a mkati mwa injini agwirana ndi mphamvu zawo zonse.

Achinyamata ena amaona kampatako ngati chilema. Amamangitsa kebulo mpaka liva italimba gwa, ati kuti njinga izimva msanga. Pamchenga wa m'mbali mwa nyanja njinga yotere imayenda bwino ndithu, ndipo mwini wake amaitama. Vuto limaonekera pachitunda, njinga itasenza anthu awiri ndi dengu la nsomba. Mapuleti amene kebulo ikuwakoka pang'ono amayamba kuterereka: injini imalira kwambiri koma liwiro silionjezeka. Mapuleti oterereka amatentha, ndipo akapsa palibe nati imene ingawabwezeretse. Zikatero wokwera amatsika n'kuyamba kukankha, usipa ukuphikika ndi dzuwa, ndipo njinga imagona kunyumba mpaka wina atabwera ndi mapuleti atsopano kuchokera ku Mzuzu. Chomwe ambiri sachizindikira n'choti mapuleti akamatha, kampatako kamachepa kokha, ngakhale munthu asakhudze kanthu. Njinga imene inali bwino mwezi watha ikhoza kukhala yopanda kampata lero.

Kampata kokulitsa nakonso kali ndi mlandu wake. Liva imafika pahandulo kilatchi isanamasuke bwino, giya imalowa mogogoda, nyutulo imasowa, ndipo njinga imakwawa yokha pamene woyendetsa waima.

Kukonza kwake kumayambira pahandulo, injini isanatenthe. Pamene kebulo imalowera pa liva pali kamphira kotchinga fumbi. Kakakokeredwa kumbuyo, pamaoneka kabawuti kobowoka kamene amakaniko amakatcha ajasita, ndi nati yozungulira yokamanga. Natiyo imamasulidwa ndi zala. Ajasita ikapotokozedwa kulowa mkati, kebulo imakhwepa, kampata kamakula, ndipo kilatchi imayamba kugwira liva ili pafupi ndi handulo. Ikapotokozedwa kutuluka kunja, kebulo imalimba, kampata kamachepa, ndipo kilatchi imagwira liva itatalikira. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha: theka la kuzungulira n'lokwanira, kenako kuyeza, kenako theka lina ngati kuli kofunika. Wa zala zazifupi angakonde kilatchi yogwira pafupi, wa dzanja lalikulu yogwira patali, ndipo onse ali ndi ufulu umenewo malinga ngati sakupyola mamilimita aja.

Ajasita isatulutsidwe mpaka kutsala ndi mizere iwiri yokha, chifukwa ikhoza kuthyoka kapena kusololoka njinga ili paulendo. Ikafika pamenepo, ibwezedwe mkati, ndipo ntchito ipite kumunsi, pafupi ndi injini, pamene kebulo imamangidwa ndi manati awiri ofuna sipanala. Kumeneko ndiko kosinthira kwambiri. Pahandulo n'pomalizitsira chabe.

Manati akamangidwa, handulo ikhotetsedwe kumanja mpaka kumapeto, kenako kumanzere. Kampata kakamatha pokhota, ndiye kuti kebulo yadutsa polakwika kapena katundu womangidwa pathanki akuipanikiza. Kenako injini ilizidwe, liva ifinyidwe, giya yoyamba ilowe. Njinga isakwawe, isazime, ndipo posiya liva pang'onopang'ono inyamuke mosadumpha.

Pali zina ziwiri zimene ajasita singachize. Choyamba ndi oilo. Kilatchi ya njinga zimenezi imasambira mu oilo wa injini, ndipo oilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera amene amalepheretsa mapuleti kugwirana; botolo loyenera limalembedwa kuti JASO MA. Chachiwiri ndi chizolowezi chotsika phiri liva itafinyidwa, kapena njinga ili pa nyutulo, pofuna kupulumutsa petulo. Wochita zimenezi amasiyira mabuleki okha katundu yense, ndipo mabuleki akatentha amafooka asanafike kumunsi. Potsika kubwera ku Usisya, giya ikhale yaing'ono, liva isiyidwe, injini igwire njinga.

Okwera nawonso ali ndi makutu. Mayi amene wamva injini ikulira pachitunda choyamba koma njinga siikukwera, ali ndi chifukwa chopempha woyendetsa kuti aime ayeze liva asanafike pa zitunda zikuluzikulu. Ndipo atsogoleri a siteji akupemphedwa kuti m'mawa wa tsiku limodzi pa sabata aziyendera njinga zonse, kuyeza kampata ndi chala, ndi kuyang'ana kebulo pamene imalowera pa liva. Ikapezeka ndi tiwaya todukaduka, isinthidwe tsiku lomwelo, njingayo isananyamule munthu.