Kanyama ka m'Mwala ndi Mtundu Wace

(Mau onenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Matero, Lusaka)

Nkhani yanga lero iri ya kanyama (sindinena Kanyama wathu wa kuno ai) kamene kanasokoneza anthu ophunzira zaka 93.

M'caka ca 1892 Joseph Whiteaves wa ku Canada analikupenda miyala ya ku phiri la Mount Stephen, m'mene munadindika zotsalira za zamoyo za m'nyanja za zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. Cotsalira cina cinali copindika, ca mfundo monga nzimbe, ndi tinthu tosongoka kunsi kwace. Iye anati ili ndi thupi la shirimpi loduka mutu. Shirimpi ndiye mbale wa nkhanu, koma wa thupi lalitali. Alimo m'nyanja ya Tanganyika, ndipo kapenta wa ku Mpulungu amene tigula m'misika yathu amadya iyeyo. Cotero Whiteaves anacicha Anomalocaris, ndiko kunena, wosiyana ndi ashirimpi ena.

Koma shirimpi sazindikirika ndi kupindika kwace. Miyendo yace ndi khumi, monga ya nkhanu mukawerenga ndi zopanira zomwe, ndipo mwendo uli wonse uli ndi mfundo zopinda. Matumbo ace atsata thupi kufikira kumcira. M'cotsalira cija matumbo sanaoneke, ndipo zimene anaziyesa miyendo zinali minga cabe. Mu 1979 Derek Briggs anaonetsa kuti cinthuco sithupi konse, koma ciwalo conga mkono ca nyama yaikulu. Mu 1985 iye ndi Harry Whittington analongosola nyama yonse, atapala mwala pang'onopang'ono napeza mikono iwiri yotere pa mutu umodzi. Lero aiika m'gulu la Radiodonta, abale akutali a nkhanu ndi tizirombo. Dzina lokha linatsala, pakuti lamulo la maina lisunga loyamba.

Ine sindimnyoza Whiteaves. Anali ndi cidutswa cokha m'manja. Cimene ndiopa ndi ici, kuti ana athu aloweza maina pa bolodi osakhudza nyama ndi kamodzi komwe. Mwana wotere akaona kangaude adzati ndi mbale wa nyerere, cifukwa onse akwawa.

Inu a kumidzi mutiposa ife a m'makomboni, pakuti nkhanu ziri pamtsinje panu pomwe. Gwirani imodzi, muiike m'citini ca madzi pang'ono, pambali pace ciwala ndi kangaude. Ana awerenge okha miyendo: khumi, isanu ndi umodzi, isanu ndi itatu. Pamenepo bisani nyamazo, muwaonetse mwendo umodzi wa ciwala cakufa, nimuwafunse mwini wace ndani, ndi umboni wace. Dzina lace la m'buku lidze pambuyo. Nkhanuyo muibweze kumtsinje tsiku lomwelo.