Mabala a pa Njira ya ku Yeriko

Mudziwa nonse fanizo la pa Luka 10, la munthu uja anagwa m'manja mwa achifwamba potsikira ku Yeriko. Lero tifuna mupenye chinthu chimodzi chimene Msamariya sanachite: sanayambe wamfunsa wovulalayo chimene anayendera yekha pa njira yoopsa yotere. Anayamba ndi mabala, nawatsuka, nawamanga.

Njira yonga imeneyo ilipo lero lomwe, ndipo idzera m'mizinda kumene ana athu amuka kukafuna ntchito. Ku Johannesburg ena akodwa ndi nyaope, msanganizo wokhala ndi heroin, umene ambiri asuta, koma ena adzibaya nawo m'mitsempha. Pobwera kwathu afika ndi zithupsa m'mikono ndi zilonda zosapola m'miyendo, nazibisa m'malaya kufikira zinunkha. Chowabisitsa ndi manyazi; ndipo tivomereze kuti manyaziwo awatenga kwa ife, amene tiwalambalala monga wansembe ndi Mlevi.

Tsono mverani ntchito ya manja, pakuti chifundo chopanda nzeru chipweteka. Muyambe mwasamba m'manja ndi sopo. Tsukani chilonda ndi madzi owiritsa amene azizira, nimuchiphimbe ndi nsalu yoyera, yosinthidwa tsiku ndi tsiku. Musathiremo phulusa, kapena dothi, kapena mafuta a galimoto, monga taona ena achita. Chithupsa musachifinye, musachiboole ndi lumo, pakuti potero muloŵetsa mafinya m'kati mwa thupi. Koma mukaona kutupa kulikufalikira, khungu lada, kapena munthu watentha thupi ndi kunjenjemera, musayembekeze kuti kuche: mumtengere kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti nthenda yoloŵa m'mwazi ipha msanga.

Pali mawu ena ovuta, ndipo sitiwabisa. Iye amene sanakhoze kuleka, mumuuze kuti asabwerekane singano ndi mnzake, ndi kuti asabayenso pa chilonda. Singano imodzi yoyenda m'mikono iŵiri isenza HIV ndi nthenda ya chiwindi yotchedwa hepatitis C. Ku Amsterdam anayamba m'chaka cha 1984 kupatsa anthu otere singano zatsopano posinthana ndi zakale; ndipo ku Dar es Salaam chipatala cha Muhimbili chinayamba mu 2011 kupereka methadone, mankhwala akumwa oletsa chibaba cha heroin, kuti munthu akhoze kugwira ntchito wosafuna jakisoni.

Tidziwa chimene akulu ena a mpingo anena mumtima: kodi kumeneku si kuvomereza tchimo? Ifenso tinalimbana nalo funsoli, ndipo sitilipeputsa. Heroin ndi goli loipa, ndipo tipempherera kuti lithyoke. Koma ambiri amene amasuka amasuka pang'onopang'ono, atagwa kaŵiri katatu. Ndipo mnyamata amene tamuika m'manda chifukwa cha chilonda chimene sopo ndi ulendo wa kuchipatala zikadachiritsa, tidzamlalikira liti kulapa?

Chotero tipempha amayi a mpingo abwere nazo Lachinayi nsalu zochapa ndi kusita, pamodzi ndi sopo. Ndipo kholo limene lili ndi mwana wotere m'nyumba litipeze tikatuluka m'kachisi. Tidzapita nalo madzulo ano, ndipo dzina lake silidzamveka pa gome lino.