Deliya: Duwa la M'mbali mwa Msewu Lomwe Lingadyetse Dimba Lanu

Mawu amene mneneri wa khonsolo ya Phalombe anayankhula pa msonkhano wa chitukuko cha m'wodi



Mvula ikamatha, aliyense woyenda mumsewu wa ku Migowi kapena ku Chiringa amaona maluwa achikasu ofanana ndi mpendadzuwa waung'ono. Ameneyo ndi deliya. Ambiri timamuyesa tchire wamba, koma lero ndikupempha kuti timupatse malo kudimba.

Chiyambireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, minda yambiri m'boma lino inakokoloka, ina inakwiririka ndi mchenga ndi miyala yochokera m'mapiri a Michesi ndi Mulanje. Mtengo wa feteleza nawo mukuudziwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo deliya ali pamphuno pathu.

Chomerachi kwawo ndi ku Mexico ndi ku Central America, ndipo akatswiri amachitcha Tithonia diversifolia. Chikagwira sichifuna kubzalanso chaka ndi chaka. Mu makilogalamu 100 a masamba ake ouma muli makilogalamu pafupifupi 3.5 a nayitrojeni ndi 4 a potaziyamu, ndipo masambawo sachedwa kuola.

Kabzalidwe kake n'kosavuta. Mvula ikayamba, dulani nthambi zokhwima zotalika masentimita 30, muzizike chopendeka m'malire a dimba. Zikakula, sadzani masamba ndi nsonga zanthete maluwa asanatuluke, muziduladule, n'kuzikwirira m'mabedi sabata imodzi musanawokere mpiru, tomato kapena kabichi. Mukhozanso kuviika masambawo mumgolo wa madzi kwa sabata ziwiri, n'kumathirira mbewu mutasungunula ndi madzi ena. Nsabwe zikagwa pa ndiwo zamasamba, sinjani masamba a deliya, muwaviike usiku wonse ndi kasopo pang'ono, musefe, mupopere madzulo.

Koma walira mvula walira matope. Deliya sapanga chonde chatsopano monga amachitira nandolo. Amangotola chimene chili m'nthaka pamene wamera. N'chifukwa chake malo ake ndi m'malire, osati pakati pa mbewu. Kuti akwanire munda wonse wa chimanga pangafunike mitolo yosanyamulika, choncho yambani ndi dimba. Komanso amafalikira msanga, n'kupha zomera zina. Musamubzale m'nkhalango ya Michesi kapena m'mbali mwa mtsinje wa Phalombe. Maluwa amene mwasiyira njuchi ndi kukongoletsa pakhomo, muwadule akangoyamba kufota, njere zisanakhwime.

Pempho langa ndi ili: banja lililonse libzale mzere umodzi chaka chino. Bedi limodzi muikemo deliya, lina mulisiye, kenaka mudzafananitse nokha pokolola. Zimene mudzaone mukauze alangizi ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwanu, kuti anzathu a m'mawodi ena aphunzireko.