Mzere wa Manambala Umene Umabala Ana

Mlimi akamakolola amapatula chimanga chokhwima bwino kuti chikhale mbewu ya chaka chamaŵa. Nkhani ya lero ikunena za akatswiri amene anatengera nzeru yomweyi, koma mbewu yawo ndi manambala.

M'chaka cha 1964, pa Technical University ya ku Berlin, ophunzira aŵiri, Ingo Rechenberg ndi Hans-Paul Schwefel, analumikiza timatabwa tisanu ndi kamodzi ndi mahinji asanu, natiika m'chimpope chowomba mphepo. Iwo anafuna kupeza mapindidwe amene mphepo ingadutsepo mosavuta. Hinji iliyonse inali ndi malo 51 oimapo, kotero kuti mapindidwe onse anaposa 345 miliyoni. Wofuna kuwayesa onse akadamera imvi ntchito isanapite patali.

Tsono mapindidwe aliwonse anali mzere wa manambala asanu, nambala imodzi kuimira hinji imodzi. Mzere wotere ndiwo umatchedwa vekitala. Anyamatawo ankasintha manambalawo pang'ono mwamaere, nayesa mphepo. Mzere watsopano ukaposa wakale unkasanduka kholo la wotsatira, ukalephera unkatayidwa. Kunena zoona, yankho linali lodziŵika kale, lakuti timatabwato tigone mowongoka. Chimene ankayesa ndi njirayo, ndipo inawafikitsadi pamenepo.

Masiku ano ntchitoyi imachitika m'kompyuta. Pulogalamu ya ECJ, imene inayambitsidwa ndi Sean Luke wa ku George Mason University ku America, imabala mizere yambirimbiri nthaŵi imodzi. Imathanso kudula mizere iŵiri ndi kusinthanitsa zidutswa zake kuti mwana atengere makolo onse aŵiri, njira imene John Holland anaifotokoza m'buku lake la mu 1975.

Koma kompyuta isanabale kanthu, munthu ayenera kuyamba waiuza kutalika kwa mzere, mtundu wa manambala ake, ndiponso malire a nambala iliyonse. Apa ndi pamene pagona ntchito, ngakhale kuti ambiri amapachita mothamanga. Malire akachepa, yankho labwino limatsala kunja kwa mpanda, ndipo makinawo sadandaula ayi; amangopereka chabwino mwa zimene analoledwa. Chimene sichinalembedwe mumzere sichingasinthe, ngakhale patapita mibadwo zikwi. Timatabwa ta ku Berlin tija tinkatha kupindika pamahinji pokha. Kutalika kwake kunakhalabe komweko, popeza panalibe nambala yokuimira.