Ndani Akamlonde Womwetsa Zigoli? Mkangano wa Ochemerera Mpira wa ku Australia



Lero ndikutengani ulendo wautali wopita ku Melbourne, mzinda wa kummwera kwa dziko la Australia, kuti tikamvere anthu akukangana. Mkangano wake ndi wa mpira, koma si mpira wa miyendo uja tidauzolowera ife. Anthu a kumeneko ali ndi mpira wawowawo, umene malamulo ake oyamba adalembedwa mumzindamo m'chaka cha 1859, ndipo amaukonda kotero kuti pa masewero otsiriza olimbirana chikho, amene iwo amati Grand Final, bwalo la Melbourne Cricket Ground limadzaza ndi anthu pafupifupi 100,000.

Nyengo ya mpirawu imayamba m'mwezi wa Malichi ndi kutha kumapeto kwa Seputembala. Mwa chizolowezi, Lachinayi madzulo makalabu amalengeza mayina a osewera amene adzalowe m'bwalo kumapeto kwa sabata. Mayinawo akangotuluka, mafoni amayamba kulira m'nyumba zoulutsira mawu, ndipo okalamba ndi achinyamata omwe amayamba kuphunzitsa mphunzitsi ntchito yake. Chimene amalimbirana kwambiri si womwetsa zigoli wa timu yawo ayi, pakuti ameneyo aliyense amamdziwa. Amalimbirana munthu woti akalonde womwetsa zigoli wa timu inayo.

Kuti timve bwino chifukwa chake, ndiyambe ndalongosola pang'ono maseweredwe ake. Bwalo ndi lalikulu kuposa lathu, ndipo ndi lozungulira ngati dzira. Mpira nawonso ndi wooneka ngati dzira. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 18. Kumapeto kwa bwalo kuli mizati inayi. Mpira womenyedwa ndi mwendo ukadutsa pakati pa mizati iwiri yaitali osakhudzidwa ndi munthu, ndiye chigoli, mapointi 6; ukadutsa pambali, pakati pa mzati wautali ndi waufupi, ndi pointi imodzi yokha. Wosewera amaloledwa kugwira mpira ndi manja ndi kuthamanga nawo, malinga aziugunditsa pansi pa mamita 15 aliwonse. Lamulo limene likutikhudza kwambiri lero ndi ili: munthu akawakha mpira umene wamenyedwa ndi mwendo kuchokera pa mtunda wa mamita 15 kapena kuposa, usanagwe pansi, woimbira amaimitsa masewero, ndipo wowakhayo amamenya mpirawo mwa ufulu popanda womgwira. Kuwakha kotereku amakutcha mark. Tsono ganizani: goloboyi kulibe, lamulo la ofusayidi kulibe. Womwetsa zigoli akangowakha mpira pafupi ndi mizati, chatsala ndi kungoyang'ana. Ntchito yonse ya wotchinga kumbuyo ili m'kamphindi kamene mpira uli m'malere. Ayenera kuufika ndi kuukankhira kutali ndi nkhonya, koma saloledwa kumkankha mnzakeyo kumsana, kapena kummenya mikono pamene akuwakha.

Ochemerera amagawikana pawiri. Ena amafuna mlonda womata, munthu amene amamkakamira mdani wake ngati nkhupakupa kuyambira pa wezulo woyamba mpaka wotsiriza, osasamala ngakhale iye mwini atapanda kuugwira mpira tsiku lonse. Kwa iwowa funso ndi la msinkhu ndi liwiro: wamtali ampatse wamtali mnzake, waliwiro ampatse waliwiro mnzake, ndipo mphunzitsi wopatsa mnyamata wochepa thupi chimphona cha timu ina ndiye kuti wagulitsa masewero. Ena amafuna mlonda wowerenga mpira, amene amayang'ana phazi la womenya osati msana wa mdani wake, nasiya munthu wake kukalanda mpira m'malere monga achitira mphamba pa anapiye. Oyambawo amati wachiwiriyu ndi wosakhulupirika. Achiwiriwo amati woyambayu ndi munthu wowononga chabe, wosamanga kanthu.

Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zimalakwa pa chinthu chimodzi, ndicho kuweruza mlonda powerenga zigoli za munthu amene amamlonda. Ndikufuna ndikuonetseni zimenezi ndi mbiri ya wosewera mmodzi, Gary Ablett wamkulu, wa timu ya Geelong, pa masewero awiri otsiriza otalikirana zaka 6.

M'chaka cha 1989 Geelong idakumana ndi Hawthorn. Mphunzitsi wa Hawthorn, Allan Jeans, adayamba ndi kumpatsa Ablett wosewera wachinyamata, Scott Maginness, ndipo zinthu zitavuta adasinthitsa, nampatsa Chris Langford, wotchinga kumbuyo wodziwika wa timuyo. Ablett sadasamale kuti pambali pake paima ndani. Adamwetsa zigoli 9, nafanana ndi Gordon Coventry wa Collingwood amene adachita zomwezo pa masewero otsiriza a 1928, ndipo adalandira mendulo ya Norm Smith, imene imaperekedwa kwa wosewera bwino koposa pa tsikulo. Komatu chikho chidapita ku Hawthorn. Matimu onse awiri adamwetsa zigoli 21, ndipo Hawthorn idapambana ndi mapointi 144 kwa 138, kusiyana kwa chigoli chimodzi chokha. Tsono kodi tinene kuti Jeans adasankha molakwa? Wofuna kunena choncho ayenera kutiuza munthu wina amene akadamletsa Ablett tsiku limenelo, ndipo ayeneranso kutiuza kuti munthuyo akadachotsedwa pa malo ati, ndi kuti malo osiyidwawo akadatseka ndani. Mbali yachiwiri ya funsoli ndiyo imene oimba mafoni Lachinayi sakonda kuyankha.

Mu 1995 Ablett anali atakula, koma ukali wake pa mizati unali utawonjezeka, pakuti adamwetsa zigoli zoposa 100 m'chaka chilichonse kuyambira 1993 mpaka 1995. Pa masewero otsiriza a chaka chimenecho Geelong idakumana ndi Carlton, ndipo mphunzitsi David Parkin adampatsa Stephen Silvagni. Ablett adatuluka m'bwalo wopanda chigoli ndi chimodzi chomwe. Carlton idapambana ndi mapointi 141 kwa 80. Ochemerera a Carlton mpaka lero amati Silvagni adamuika Ablett m'thumba, ndipo sindikufuna kumlanda ulemu wake: anali munthu wodziwa kupinda thupi, kufikira mpira kuchokera kumbuyo popanda kulakwira lamulo, ndipo adasewerera timu yake masewero 312. Koma a Geelong nawonso ali ndi mawu awo, ndipo mawuwo ndi oona. Pakati pa bwalo Carlton idalamulira tsiku lonse, kotero kuti mendulo ya Norm Smith idapita kwa wosewera wa pakati, Greg Williams. Mpira umene unkafika kwa Ablett unkabwera mwa apo ndi apo, womenyedwa mothamangitsidwa, wokwera m'mwamba mopatsa mlonda nthawi yoti aufike. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Langford wa 1989 ndi Silvagni wa 1995 adalonda munthu mmodzi yemweyo, koma mipira imene adalimbana nayo inali yosiyana kutalitali.

Chaka chotsatira, mu 1996, bungwe loyendetsa mpirawu la AFL lidakondwerera nyengo ya 100 ya ligi yake posankha timu ya osewera opambana m'zaka zonsezo. Malo a wotchinga wotsiriza, amene amati full-back, adapatsidwa kwa Silvagni, amene pa nthawiyo anali akusewerabe. Apa mkangano udabuka wa mtundu wina, wa pakati pa mibadwo. Achikulire ankatchula Jack Regan wa Collingwood, amene m'zaka za m'ma 1930 ankalimbana ndi Bob Pratt wa South Melbourne, munthu amene adamwetsa zigoli 150 m'chaka chimodzi cha 1934. Ena ankatchula David Dench wa North Melbourne, ndipo ngakhale m'nyumba ya Carlton momwemo munali okonda Geoff Southby. Mkangano wotere sungathe, pakuti womwetsa zigoli amasiya nambala m'buku, pamene mlonda amasiya zinthu zimene sizidachitike, ndipo zimenezo palibe kalaliki amene angazilembe. Nchifukwa chake mendulo ya Brownlow, imene oimbira amavotera wosewera wopambana wa chaka chonse, imawalambalala anthu a kumbuyo. Fred Goldsmith wa South Melbourne adailandira mu 1955 akusewera malo a wotchinga wotsiriza, ndipo dzina lake limatchulidwabe chifukwa chinthucho ndi chosowa.

Masiku a anthu awiri olimbana okhaokha pafupi ndi mizati, monga ankachitira Glen Jakovich wa West Coast ndi Wayne Carey wa North Melbourne m'zaka za m'ma 1990, adayamba kuchepa pamene aphunzitsi adatulukira kuti ndi bwino kulonda malo kusiyana ndi kulonda munthu. Alastair Clarkson adatenga chikho ndi Hawthorn mu 2008 poyala osewera ake m'bwalo ngati ukonde, aliyense pa dera lake. Chaka chomwecho Lance Franklin, wa Hawthorn yomweyo, adamwetsa zigoli zoposa 100, ndipo m'zaka zotsatira chiwerengero chotere chidasanduka chinthu cha m'mbiri. Aphunzitsi adazolowera kuika munthu wapadera kumbuyo, wopanda womlonda, woti azingothandiza anzake. Mu 2019 bungwe la AFL lidaika lamulo loti poyambitsa masewero pakati pa bwalo, timu iliyonse ikhale ndi osewera 6 kutsogolo, 6 pakati ndi 6 kumbuyo, pofuna kubwezeretsa kulimbana kwa munthu ndi munthu. Koma mpira ukangoyamba kuyenda, aliyense amapita kumene mphunzitsi wake adamuuza.

Motero funso la Lachinayi lidasintha. Kale ochemerera ankafunsa kuti, kodi ndani akamlonde uje? Tsopano amafunsanso kuti, kodi ndani amasulidwe? Timu yanzeru imakhala ndi anthu a mitundu yonse iwiri. Melbourne idatenga chikho mu 2021, patapita zaka 57 isanachione, ili ndi Steven May wogwira chimphona cha adani ndi Jake Lever wolanda mipira m'malere. Lever sakadakhala ndi ufulu wosiya munthu wake pakadapanda May woti asenze katundu wolemerayo, ndipo mphunzitsi wa timu ina amadziwa zimenezi, kotero kuti amatuma wosewera wakutsogolo kuti akamkokere wolanda mipirayo kutali ndi mizati. Wolonda amasanduka wolondedwa. Munthu woimba foni kunena kuti uje achotsedwe chifukwa sabata yatha adagwira mpira kasanu kokha, kawirikawiri amakhala akupempha kuti achotsedwe munthu amene amachititsa kuti wokondedwa wake awale.

Ndisabise, mtima wanga uli kwa mlonda womata, chifukwa ndiye amene amadzudzulidwa pa zolakwa za anthu khumi amene ali patsogolo pake, ndipo ndiye amene ntchito yake imatha msanga akakumana ndi Loweruka limodzi loipa. Koma chinthu chimene chidachitika pa masewero otsiriza a 2018 chimandiletsa kunyoza mbali inayo. Collingwood idayamba ndi kumwetsa zigoli 5 West Coast isanamwetse ndi chimodzi chomwe. West Coast idabwerera pang'onopang'ono, ndipo kutatsala mphindi zochepa Collingwood inali patsogolo ndi mapointi 2, mpira uli kulunjika ku mizati ya West Coast. Jeremy McGovern, wotchinga kumbuyo amene adalowa m'bwalo ali ndi ululu wa kuvulala kwa sabata yapitayo, akadatha kuukankha mpirawo ndi nkhonya monga aphunzitsira mwana aliyense wosewera kumbuyo. Iye adalumpha nauwakha, ndipo osaima kupuma adaumenya kwa Nathan Vardy. Vardy adapatsira Liam Ryan, Ryan adapatsira Dom Sheed, ndipo Sheed, ali m'mphepete mwa bwalo pamalo opapatiza, adaulowetsa pakati pa mizati yaitali. West Coast idapambana ndi mapointi 79 kwa 74. Mpira umenewo ukadapulumuka m'manja mwa McGovern ndi kugwera wosewera wa Collingwood, mafoni a ku Perth akadalira mlungu wonse kufunsa chifukwa chake munthu wamkulu ngati ameneyo sadagwiritse ntchito nkhonya.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Tsalani bwino.