Womasulira asabisale: mawu a mlendo wathu Loweruka lapitali

Ambiri muno mumatha Chichewa ndi Chingerezi bwinobwino, ena mpaka Chitumbuka kapena Chiyao. Koma ndani kunjaku akudziwa kuti mumamasulira? Ngati ndi amayi anu okha, ntchito siibwera.

Onetsani zitsanzo. Tengani kapepala ka uthenga wa kolera, mumasulire, muike pa status ya WhatsApp ndi pa LinkedIn. Mukalembetsa pa ProZ, lembani Chichewa komanso Nyanja, chifukwa makampani ena akunja amasaka ndi dzina lachiwirilo. Mukalemba limodzi lokha, akudutsani osakuonani.

Komatu kuno kwathu ntchito zambiri zimayenda pakamwa. Bungwe likafuna kuti mafunso a kafukufuku wakumudzi akhale m'Chichewa, wogwira ntchito kumeneko amangofunsa mnzake kuti, "Ukudziwa ndani womasulira?" Ndiye muzipita kumisonkhano, muzicheza nawo, muzisiya nambala. Omasulira anzanu musawaone ngati adani ayi; ntchito ikawachulukira amapatsira munthu amene amamudziwa.

Za mtengo, gwirizanani musanayambe, muwerengere pa liwu lililonse. Kasitomala watsopano alipiretu theka pa Mpamba kapena Airtel Money, osamvera za "tidzaona kumapeto".