MCERE NDI MADZI KWA MLIMI WOCITIDWA OPALESHONI YA MATUMBO

Masiku onse timakamba za mizere ndi mbeu. Lero tikamba za mlimi mwini wace, pakuti khasu silidzilimira lokha.

Pali nthenda ya taifodi imene imadza ndi madzi kapena cakudya coipitsidwa ndi cimbudzi. Ikakula imatha kuboola matumbo. Pamenepo adotolo amang'amba pamimba, ndipo nthawi zina amaturutsira kunja nsonga ya matumbo ang'ono, kuti zoipa zizigwera m'kathumba kufikira m'kati mutapola. Opaleshoni imeneyi amaicha ileostomy. Munthu wotere akabwerera kumudzi, cimene cingamgwetse msanga ndico kutha kwa mcere ndi madzi m'thupi. Tamvani cifukwa cace.

Tiri ndi matumbo a mitundu iwiri, ang'ono ndi akuru. Tsiku liri lonse m'matumbo ang'ono mumapita madzi okwana malita 8 kapena 9, kuwerengera amene timamwa, malobvu, ndulu ndi madzi ena opukusa cakudya. Ambiri amabwerera m'magazi komweko. Otsala, monga lita imodzi ndi theka, amalowa m'matumbo akuru, amene amayamwa pafupifupi mcere ndi madzi onsewo. Tsono mwa munthu wa kathumba uja, matumbo akuru sagwira nchito. Ali ngati dimba limene ngalande yace yabooka pakati: madzi amatayika asanafike kumapeto. Ndipo m'lita iri yonse yotayikayo muli mcere wonga kasupuni kamodzi ka tiyi.

Kodi mcere umalowa bwanji m'magazi? Ukasungunuka umagawikana tizidutswa tosaoneka ndi maso, tokhala ndi mphamvu ya magetsi yonga ya m'batire ya wailesi, koma yocepetsetsa. Khungu la m'kati mwa matumbo limakoka tizidutswato, ndipo madzi amalondola pambuyo. M'caka ca 1951 Hans Ussing wa ku Denmark anapeza njira yopimira magetsi amenewa pa khungu la cule, ndipo akatswiri amapima nayo matumbo kufikira lero. M'caka ca 1960 Robert Crane wa ku America anafotokoza kuti m'matumbo ang'ono mcere ndi shuga zimalowera khomo limodzi, zogwirana manja. Apa mpamene pagona nzeru ya madzi a Thanzi amene mumapatsa ana otsegula m'mimba.

Thupi limayesa kudzithandiza. Likamva kuti mcere wacepa, impso zimauumira. Pakapitanso masabata, matumbo ang'ono aja amazolowera kugwira mcere kolimba, kotero kuti zotayika zimatsika kufika pansi pa lita imodzi pa tsiku. Komabe sangamalize nchito yonse ya matumbo akuru. Ndipo kuno ku Mangochi, m'Okutobala ndi m'Novembala pamene tikugalauza, thukuta nalo limaba mcere.

Tsono amene mukusamala munthu wotere, gwirani mau awa. Musammane mcere m'ndiwo pokhapokha adotolo ataletsa. Usipa wothira mcere ngwabwino. Ngati kathumba kakudzala kawirikawiri, asamangomwa madzi okhaokha, tiyi wa shuga wambiri kapena zozizira za m'botolo, cifukwa izi zimakokera mcere kunja. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Nsima, mpunga ndi nthoci zimalimbitsa zoturuka. Cimanga cokazinga, mtedza wosatafuna bwino ndi mango a ulusi zingatseke njira. Ku munda apite adotolo atalola, alime m'mamawa, ndipo asasenze matumba. Mwezi wa Ramadan asanayambe kusala, akafunse kwa adotolo ndi kwa ashehe, pakuti wodwala amaloledwa kusasala.

Mukaona cizungulire poimirira, miyendo kukokana, mkodzo wocepa ndi wofiira, kapena zoturuka zapitirira lita imodzi ndi theka pa tsiku, musadikire kuti kuce. Mtengereni ku cipatala.

Inu mafumu ndi anyakwawa, nchito yanu nayi. Kathumba si ufiti, ndipo sikapatsirana. Ambiri amakhala nako miyezi yowerengeka, kenaka adotolo amalumikizanso matumbo. Musalole kuti munthuyo asekedwe pa bwalo kapena adye yekha. Itanitsani anzace amlimire munda caka cimeneco. Onaninso kuti banja liri lonse liri ndi cimbudzi, ndi kuti madzi a m'nyanja awiritsidwa kapena athiridwa mankhwala asanamwedwe. Kuyambira m'caka ca 2023 Boma likupereka katemera wa taifodi kwa ana. Uzani amai apite nao ku sikelo.

Tsalani bwino, tidzakambanso sabata ya mawa.